Madigiri 360 Amene Azakhali Sanazungulire

"Profesa, tandiyankha. Ndikaima kuyang'ana kugeti, n'kuzungulira thupi lonse mpaka kuyang'ananso kugeti komweko, kodi ndabwerera pomwe ndinayambira?"

Anandifunsa funsoli ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, chaka chatha pamene ndinkakonzekera mayeso otsiriza a kusekondale. Ndinali nditayala mabuku patebulo, iwo atakhala pampando wa pakhomo akumasula nsapato zawo zakuntchito, zija zokhala ndi chitsulo kutsogolo. Dzina loti Profesa anandipatsa okha, ndipo salitchula popanda kaseko.

Ndinayankha mwamatama chifukwa mutu umenewo tinali titangouphunzira. Ndinajambula mizere iwiri yopingasana, wina wogona, wina woimirira. Ndinawauza kuti ngodya iliyonse timaiyambira pa mzere wogonawo, mbali ya kumanja, nsonga yake ili pomwe mizere yakumana. Ukazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi madigiri amakwera. Ukatsata wotchi umaika kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa nambala. Kuzungulira kwathunthu ndi madigiri 360, ndiye 0 ndi 360 zimathera pa mzere umodzi, monganso 30 ndi 390.

"Choncho n'zofanana," ndinatero. "Aphunzitsi anatero."

"Aphunzitsi akowo anakwerapo kireni?"

"Kaya."

"Sanakwerepo. Ukawauze kuti zimathera pamodzi, koma si zofanana. Akafuna umboni abwere ndikawakweze."

Azakhali amayendetsa kireni, chimakina chachitali chija chimaima pakati pa malo omangapo nyumba zosanja, chokhala ndi mkono wonyamula zitsulo ndi simenti. Kuntchito amawatcha Amayi Akumwamba. M'mawa uliwonse amakwera makwerero achitsulo a m'kati mwa nsanja ya kireniyo, botolo la madzi lili kumsana, ndipo satsika mpaka nthawi yoweruka. Ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosadziwa kunong'ona.

Sanayambire kumwambako. Anayamba ndi tsache, akusesa fumbi la simenti, atangosiyana ndi amuna awo amene ankati mkazi wovala ovololo sangagone m'nyumba mwawo. Azakhali anasankha ovololo. Kenako anawapatsa wailesi ya m'manja kuti aziima pansi n'kumalondolera woyendetsa kireni, mkulu wina amene mawondo anali atayamba kumuvuta. Mkuluyo ndiye anawaphunzitsa, pang'onopang'ono, pa nthawi yopuma. Tsiku lokalembetsa mayeso a chiphaso, munthu wa pa desiki anawafunsa ngati akulembetsera mwamuna wawo kapena mwana wawo.

"Ndikulembetsera dzina lili papepalapo," anamuyankha. "Kapena ndikuwerengereni?"

Chiphasocho anachitenga ulendo woyamba womwewo. Chimakhala m'kapulasitiki m'thumba la m'kati, ndipo ngakhale ine sandilola kuchigwira ndi manja onyowa.

Kireni imene amayendetsa pamalo pomwe akugwira tsopano ndi yakale. Chingwe cha magetsi, chonenepa ngati dzanja langa, chimakwera m'kati mwa nsanja mpaka m'kachipinda ka woyendetsa. Mkono ukazungulira, chingwecho chimapotoka. Chimalola kuzungulira kamodzi ndi theka mbali iliyonse, madigiri 540, ndipo ukapyola apo chimaduka. Kale panali kachipangizo koimitsa makina akafika pamalirewo. Kanafa azakhali asanabwere, ndipo malipoti onse amene alemba opempha katsopano amathera m'dirowa.

Ndiye anapeza njira yawoyawo. Ali ndi nati imodzi yaikulu yachitsulo, ija yomangira bawuti. Chingwe chikakhala chowongoka, natiyo imakhala m'thumba la pachifuwa. Ntchito ikawakakamiza kuzungulira kwathunthu kumanzere, amaisamutsira m'thumba la kumanzere. Akazungulira kumanja, m'thumba la kumanja. Madzulo satsika mpaka mkono utaloza kugeti, nati ili pachifuwa.

Malowo ali chonchi. Kireni ili pakati. Woyendetsa akaloza kugeti n'kuyamba kutembenukira kumanzere, amadutsa pa nyumba imene ikumangidwayo, n'kufika kumpanda wa kumbuyo, moyang'anizana ndi geti. Kupyola pang'ono pali mulu wa zitsulo. Kupitirira apo, mkono umatulukira pamwamba pa msewu, pomwe anthu amadikirira basi. Pokatenga zitsulo, azakhali amayenda njira yaitali ya kunyumba ndi kumpanda, n'kubwerera njira yomweyo. Pamsewu sadutsapo pakakhala anthu.

Zimenezi ndi zomwe zinkawapsetsa mtima a Kapitawo, amene anyamata amawatcha a Fulumirani chifukwa ndi mawu okhawo amatuluka pakamwa pawo.

"Mayi, mbedza ilibe kanthu, tangodutsani pamsewupo!" ankakuwa pa wailesi. "Mukutithera dzuwa!"

"Mbedza ili ndi tcheni, a Kapitawo. Tcheni chili ndi chitsulo. Pansipo pali mitu ya anthu."

"Sichingagwe!"

"Kaimeni pamenepo muvule chisoti, ndidutsa."

Zaka ziwiri akukangana choncho, ndipo palibe tsiku limene azakhali anagonja.

Mwezi wathawu dzino linawagwira mpaka tsaya kutupa. Loweruka anapita kukalichotsa, tsiku loyamba kujomba chibwerere pamalopo. A Kapitawo sanafune kuti ntchito iime. Anakweza mlamu wawo, amene amayendetsa chimakina chokumba, munthu wopanda chiphaso cha kireni. Mlamuyo anachita zomwe a Kapitawo akhala akufuna. Ankazungulira mbali imodzi ngati chigayo, kudutsa pamsewu, n'kumabweza pokhapokha akakumbukira. Poweruka anauimika mkono bwinobwino, ukuloza kugeti.

Lolemba azakhali anakwera, tsaya likadali lotupa. Anaona mkono uli pamalo pake, nati ili pachifuwa. Anatembenukira kumanzere kukatenga zitsulo zoyamba. Anadutsa nyumba, anadutsa mpanda, ndipo atangofika pa mulu paja kunamveka phuu! Moto unathetheka m'nsanja, magetsi anazima pamalo ponse, mkono n'kuuma pomwepo. Palibe anavulala. Azakhali anatsika makwerero onse aja akununkha utsi, n'kupeza a Kapitawo akuwadikira pansi, manja ali m'chiuno.

Tsiku lomwelo anawaimitsa ntchito. Lachiwiri anawapatsa kalata yoti asaine, yonena kuti anazunguza kireni mosasamala mpaka kudula chingwe. Akasaina, atsika pampando n'kubwerera pa wailesi ya pansi. Akakana, achotsedwa, ndipo lipoti lipita kwa amene amapereka ziphaso. Anawapatsa mpaka Lachisanu.

Nthawi imeneyo ine ndinali ndili pakhomo miyezi isanu. Masamu ndinakhoza bwino kwambiri, koma maphunziro ena awiri anandigwetsa, ndiye sukulu inathera pomwepo. Ndinkalemba makalata ofunsira ntchito amene palibe ankayankha. Ndinkasesa, kuchapa, n'kumayenda uku ndi uku m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Zinkandiwawa kuti ndikudziwa kanthu koma palibe akundifunsa.

Lachitatu m'mawa azakhali anaponya pepala lalikulu patebulo. Inali pulani ya malo awo antchito. Anawabwereka ndi a Wailesi, bambo wachikulire amene tsopano amaima pansi kuwalondolera.

"Profesa, tenga zida zako zija. Lero maphunziro ako agwire ntchito."

Tinapita kukaima kunja kwa mpanda. Mkono unali udakali pomwe unaumira, pamwamba pa zitsulo. Ndinayala pulani pa boneti ya galimoto ina yakufa, n'kuitembenuza kuti geti likhale kumanja kwanga monga timachitira m'kope. Ndinajambula mzere wogona kuchokera kugeti, kudutsa pa kireni, mpaka kumpanda. Kenako ndinajambula mkono. Ndinatenga chopimira ngodya changa chapulasitiki, chija chooneka ngati theka la mwezi, n'kupima kampata kotsala pakati pa mkono ndi mzere wogonawo.

"Usavutike," anatero azakhali. "Ndi 30. Kumpanda, kupyola 30."

Ndinapima ndithu. Anali 30.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndimapitako ka 40 patsiku. Ukuganiza ndimawerenga kuchokera kugeti ngati mwana wa sukulu? Ndimangoona mzere uli pafupi, n'kuona kampata katsala."

Kangodya kakang'ono kameneko, kapakati pa mkono ndi mzere wogona, ndi kamene kanatizunza kalasi yonse temu yathunthu. Timakagwiritsa ntchito popeza ngodya yeniyeni. Azakhali akhala akukagwiritsa ntchito zaka zonsezi osadziwa kuti kali m'buku.

Kuchokera kugeti kufika kumpanda ndi 180. Kuwonjezera 30 ndi 210. Ndinalemba. Kenako pansi pake ndinalemba ngodya zina zothera pa mzere womwewo. Kuchotsa 360 kumapereka 150 ya mbali ya kumanja, njira ya pamsewu ija. Kuwonjezera 360 kumapereka 570. Ndinayang'ana manambala atatuwo. Chingwe chololera 540 sichingaduke pa 210. Sichingaduke pa 150. Chinaduka pa 570.

"Azakhali, inu munazungulira 210 yokha?"

"Ulendo umodzi. Funsa aliyense anali pansi."

"Ndiye munayambira pa 360. Kireni munaipeza itapotoka kale."

"Zimenezo ndikuzidziwa kuyambira Lolemba, mwanawe. Chimene ndilibe ndi kalembedwe koti bwana wa tayi amve. Lemba bwino, usafufute."

Lachisanu tinalowa mu ofesi, kontena yokhala ndi tebulo limodzi ndi fani yolira. Munali a Injiniya, amene ndi mkulu wa malowo, ndi a Kapitawo. A Wailesi anaima pakhomo, chisoti chili m'manja. Azakhali anavala ovololo yochapa ndi nsapato zawo zachitsulo, ngati akupita kukakwera.

"Kamtsikana aka n'kandani?" anafunsa a Kapitawo. "Mwabwera ndi loya?"

"Ndi Profesa, mwana wa achimwene anga. Khalani pansi muphunzireko, sukulu yake ndi yaulere."

A Injiniya anakankhira kalata ija kutsogolo, cholembera chili pamwamba. Azakhali sanaiyang'ane n'komwe. Anandikodola ndi mutu. Ndinayala pepala langa n'kuyamba kufotokoza. Mawu anayamba mwamantha, koma nditafika pa manambala atatu aja analimba okha.

"Zamasewera izi," anadula a Kapitawo. "Mlamu wanga anaisiya kireni pamalo pake. Inkaloza kugeti. Aliyense anaona ndi maso."

"Inde bambo, inkaloza kugeti," ndinatero. "0 imaloza kugeti. 360 imalozanso kugeti komweko. Maso sangasiyanitse. Chingwe ndi chimene chimasiyanitsa."

"Ndiye anazunguza okha mayiwa m'mawa muja!"

A Injiniya anatembenukira pakhomo. "A Wailesi, munali pansi. Anazungulira kangati?"

Bambo aja anayang'ana a Kapitawo, n'kuyang'ana chisoti chawo.

"Bwana, ine ndili ndi ana."

"Sindinafunse za ana."

"Kamodzi, bwana. Osakwana n'kamodzi komwe. Tinali tisanakoleke n'chitsulo chimodzi."

A Kapitawo anasintha nyimbo.

"Chabwino. Nanga bwanji sanadutse njira yaifupi? Kamtsikanaka kanena kokha kuti ndi 150. Akanadutsa kumeneko chingwe chikanamasuka, sichikanaduka!"

"Zoona," anatero azakhali. "Chikanamasuka. Ndipo 7 koloko m'mawa pa siteji paja pamakhala ana a sukulu. Chingwe mugula china, a Kapitawo. Mutu wa mwana mukagula kuti?"

"Nanga musanayatse makina, munayang'ana chingwecho?" anafunsa a Injiniya.

Apa ndinaganiza kuti azakhali azemba. Sanazembe.

"Sindinayang'ane. Ndinayang'ana mkono, n'kukhulupirira thumba langa, chifukwa palibe anandiuza kuti kumwamba kunakwera munthu. Cholakwa chimenecho ndi changa, ndipo mukandipatsa pepala loyera ndilemba ndi dzanja langa. Koma pansi pake ndilembanso amene anakwera Loweruka, amene anamukweza, ndi malipoti asanu ndi limodzi a kachipangizo kaja amene ali m'dirowa yanuyo. Zoti ndinazunguza kireni ngati mwana pa katungwe, zimenezo sindisaina. Ndidulireni dzanja musainire nokha."

A Injiniya anavula magalasi n'kupukuta nthawi yaitali. Kenako anapempha onse atuluke, nditsale ine.

Anatenga pepala langa n'kuliyang'ananso, chala chikutsata mizere.

"Wajambula wekha?"

"Inde, bwana."

"Palibe polakwika. Ndili ndi anyamata a madipuloma amene sangandifotokozere chonchi. Ukugwira kuti?"

"Ndili pakhomo."

"Mutu ngati uwu sukhala pakhomo. Ndikufuna munthu mu ofesi muno wopima ndi kujambula. Ukhoza kuyamba Lolemba."

Sindinama, ndinamva kutentha nkhope yonse. Chichokereni kusukulu palibe munthu wamkulu anandiyang'ana choncho. Ndinadziona kale nditavala chisoti choyera, pulani ili m'khwapa, anzanga aja anakhoza akundiona ndikudutsa.

"Koma tithandizane," anapitiriza, mawu atatsika. "Azakhali ako akunena zoona, ine ndaona. Koma zikalembedwa, nkhani siikhalanso ya chingwe. Ikhala ya munthu wopanda chiphaso ndi makina opanda chitetezo. Atitsekera malo ano, anthu onsewa akhale pakhomo ngati iwe. Ndifewetsa kalatayi. Asaine, akhale pansi miyezi itatu, kenako ndiwakweza mwakachetechete. Iwe amakumvera. Pepalali lisiye kuno."

Analipinda kawiri n'kuliika m'dirowa. Ine ndinathokoza. Ndikulemba zimenezi mwamanyazi, koma ndinathokoza, mpaka kugwada pang'ono, n'kutuluka.

Azakhali ndinawapeza pa siteji ya basi, atakhala pa benchi, akuyang'ana kireni yawo. Ndinawafotokozera zonse, osabisa kanthu. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Anangoseka pang'ono, dzanja lili patsaya.

"Wakuona eti? Ali ndi maso bwanayo. Ntchitoyo ikukuyenera, Profesa, usamve ngati wakuba."

"Nanga inu?"

"Ine Lolemba ndikupita ku ofesi yoona za antchito."

"Miyezi itatu yokha, azakhali. Anati akukwezaninso."

"Ndi kalata yonena kuti ndine wosasamala ili m'faelo? Tsiku lina tcheni chikadzagwa, adzatulutsa kalata imeneyo n'kunena kuti mayi uja anayamba kale. Ndipo miyezi itatuyo akuyendetsa ndani? Mlamu. Kachipangizo kakonzedwa? Ayi." Analoza anthu anali pa siteji. "Awa sakudziwa n'komwe kuti tikukamba za iwo."

"Akakulandani chiphaso?"

"Alande ndikuyang'ana, osati ndiwapatse ndekha."

"Mukanena bwanji kumeneko popanda pepala?"

"Pakamwa ndili napo. Iwe usadzivute. Ntchito ndi yako, mutu ndi wako. Dzina lokha ndi langa."

Basi inabwera, tinakwera. Njira yonse sanatchulenso nkhaniyo. Anakamba za dotolo wa mano, kuti anali ndi manja ngati a womanga zitsulo, mpaka mayi wina pampando wa kutsogolo anaseka.

Loweruka lonse ndinayendayenda. Ndinachapa zovala zoyera kale. Bambo anati nditenge ntchitoyo, mlongo wawo ndi wouma mutu chibadwire ndipo sasintha. Mayi anati ndipemphere. Ndinayesa kudziuza kuti a Injiniya si munthu woipa, ndipo mwina si woipadi. Koma anati palibe polakwika, kenako n'kutsekera m'dirowa. Ndikayamba ntchito Lolemba, ndiye kuti chinthu choyamba chimene ndinajambula bwino m'moyo wanga ndachigulitsa kuti chisaoneke, ndipo tsiku lililonse ndizidutsa pa azakhali ataima pafumbi ndi wailesi.

Lamulungu masana ndinapita kwa a Wailesi kukabwerekanso pulani. Anandipatsira pawindo, osafunsa kanthu. Ndinagula mapepala atatu aakulu, n'kusongola pensulo. Ndajambula katatu, mosafufuta: limodzi la ku ofesi yoona za antchito, limodzi la amene amapereka ziphaso, limodzi losunga azakhali. Pansi pa lililonse ndalemba dzina langa lonse ndi nambala ya foni, kuti wofuna kutsutsa manambalawo adziwe woti amufunse.

Mawa ndi Lolemba. Ku kontena kuja sindipita. Ndawatumizira uthenga a Injiniya kuti zikomo, koma ndili ndi kwina kofotokozera, ndipo ndikwera basi ya 6 koloko limodzi ndi azakhali.